Mndandanda wa ma plug-in pa tsamba la sukulu yathu: tiukonze kapena tiuchotse?

Nabanda:

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Ine ndimagwira ntchito m'laibulale ya sukulu ina yophunzitsa aphunzitsi, ndipo mwezi wathawu akuluakulu anandipatsa udindo wosamalira gawo la tsamba lathu la pa intaneti limene mumakhala zothandizira ophunzira. Gawoli linakonzedwa kalekale ndi munthu amene anachoka pasukulupa ine ndisanabwere, ndipo chichokereni iyeyo anthu akhala akungowonjezeramo zikalata popanda wina wokhala pansi n'kuona ngati zakalezo zikutsegukabe. Kumunsi kwa tsamba loyamba kuli chidziwitso chonena kuti aliyense wofuna kuona zonse ayambe waika m'kompyuta yake Adobe Reader, Flash Player, RealPlayer, QuickTime ndi Word Viewer, ndipo dzina lililonse lili ndi linki yake.

Chodabwitsa n'chakuti zikalata za PDF zimatseguka bwinobwino ngakhale kwa ophunzira amene sanaike chilichonse mwa zimenezi, pamene maphunziro a sayansi okhala ndi zithunzi zoyenda satseguka kwa wina aliyense, ngakhale pa makompyuta a m'laibulale momwe. Pamalo pamene payenera kuoneka phunziro pamangokhala bokosi lotuwa lopanda kanthu. Sabata yatha mtsikana wina wa chaka choyamba anabwera ndi laputopu yake nkhope ili yakugwa. Iye atadina pa dzina la Flash Player n'kupeza kuti kumeneko kulibe choti n'kutenga, anakafufuza yekha mpaka anapeza tsamba lina limene linamupatsa fayilo yoti aike. Kuyambira tsiku limenelo akangotsegula browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, pamatuluka zotsatsa malonda zosatsekeka, ndipo bandulo imene anagula kuti imufikitse Loweruka inatha madzulo a tsiku lomwelo. Kodi ndifufuze malinki atsopano a mapulogalamu asanuwa, kapena pali njira ina imene anzathu akutsata masiku ano?

Phiri:

Mayi Nabanda, chidziwitsocho chichotseni lero lomwe, musanayambe n'komwe kuganiza za chimene chidzalowe m'malo mwake, chifukwa chikutuma ophunzira anu kukasaka zinthu zimene eni ake anasiya kupereka, ndipo ambiri mwa amene akuti akuziperekabe ndi akathyali.

Mundilole ndifotokoze kumene mndandandawo unachokera, popeza amene anaulemba sanalakwitse pa nthawi yake. M'zaka za m'ma 1990 browser inkatha kuonetsa mawu ndi zithunzi basi. Ikakumana ndi vidiyo, nyimbo kapena chikalata cha mtundu wina, inkaitana pulogalamu ina ya m'kompyutamo kuti idzagwire ntchitoyo m'kabokosi kake mkati mwa tsambalo, ngati mmene mwini nyumba amaitanira mmisiri wa magetsi pa ntchito imene iye sangaithe. Pulogalamu yoitanidwayo ndiyo plug-in. Kampani ya Netscape inakonza khomo lolowera mapulogalamu oterewa, lotchedwa NPAPI, mu 1995, ndipo Microsoft inabwera ndi lake, ActiveX, mu 1996. Vuto la makonzedwe amenewa linali lakuti mmisiriyo akalowa ankakhala ndi makiyi a nyumba yonse. Plug-in inkatha kufika paliponse pamene mwini kompyuta angafike, choncho munthu wa maganizo oipa akapeza mpata m'pulogalamuyo, ankangofunika kukunyengererani kuti mutsegule tsamba lake basi.

Google inatseka khomo la NPAPI mu Chrome mu Sepitembala 2015, ndipo Firefox inatsatira mu Malichi 2017, kungosiyako Flash yokha. Apple inasiya kukonza QuickTime ya pa Windows mu 2016, moti chaka chomwecho nthambi ya boma la America yoona za chitetezo cha makompyuta inalangiza anthu kuti aichotse. Word Viewer inapumitsidwa ndi Microsoft kumapeto kwa 2017. Flash nayo, imene Adobe inaitenga pogula kampani ya Macromedia mu 2005, imfa yake inalengezedwa mu Julayi 2017, thandizo linatha pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 pulogalamuyo inayamba kukana yokha kutsegula mafayilo ake. RealPlayer ndi Adobe Reader zilipobe monga mapulogalamu apaokha, koma sizilowanso m'kabokosi ka browser monga kale.

PDF imatseguka kwa aliyense chifukwa ma browser anaphunzira okha kuiwerenga: Chrome kuyambira mu 2010, Firefox kuyambira mu 2013. Mavidiyo nawonso chimodzimodzi, chifukwa HTML5, njira yatsopano yolembera masamba a pa intaneti imene inavomerezedwa mu Okutobala 2014, ili ndi njira yakeyake yoonetsera vidiyo ndi kumvetsera mawu, ndipo YouTube inaiika patsogolo pa Flash mu Januwale 2015. Kunena kwina, palibe linki yatsopano imene mungapeze yoti n'kudzutsa bokosi lotuwalo.

Gondwe:

A Phiri, zikomo chifukwa cha kufotokoza kwanu, koma pali pamene ine sindinamvetse. Pa Chrome ya m'kompyuta yanga, pakona ya kumanja, pali kachizindikiro kofiira ka Adobe Acrobat komanso kena kotsekereza zotsatsa malonda, ndipo zonsezi ndinaziika chaka chathachi. Ngati ma plug-in anatha, nanga zimenezi n'chiyani? Ndikufunsa chifukwa kusukulu kwathu ndine amene aphunzitsi anzanga amandithamangira kompyuta ikavuta, ngakhale kuti ndimaphunzitsa Chichewa, ndipo sindifuna kuwasokeretsa.

Ndiwonjezerepo kuti mawu akuti Flash amasokoneza ambiri kuno. Tsiku lina mphunzitsi mnzanga ataona uthenga wonena kuti tsamba likufuna Flash, anatulutsa fulashi yake m'thumba n'kuibaya pa kompyuta, kenaka n'kumadikira. Ndinamuseka, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti uthengawo sunamupatse njira ina yomvera.

Phiri:

A Gondwe, zimene muli nazozo ndi ma extension, ndipo ngakhale anthu amasinthanitsa mayinawa polankhula, zinthu zake n'zosiyana. Extension imalembedwa m'zilankhulo zomwezo zimene masamba a pa intaneti amalembedwera, imakhala mkati mwa mpanda wa browser, ndipo poiika imayenera kunena poyera chilolezo chimene ikufuna. Plug-in yakale inali pulogalamu yathunthu ya m'kompyuta, yokhala kunja kwa mpandawo. Kusiyana kwina, kumene kuli kofunika kwambiri pa nkhani ya Mayi Nabanda, n'kwakuti extension mumaisankha nokha kuti ikuthandizeni pa masamba onse, pamene plug-in tsamba ndilo linkakulamulani kuti muike, apo ayi simuona kanthu.

Komabe musaganize kuti extension iliyonse ndi yabwino. Imene ikupempha chilolezo chowerenga ndi kusintha zonse za pa masamba onse amene mumatsegula imatha kuona ngakhale zimene mukulemba pa tsamba la banki. N'kutheka kuti zimene zagwira laputopu ya mtsikana uja n'za mtundu umenewu, choncho poyambira ndi kutsegula mndandanda wa ma extension n'kuchotsa chilichonse chimene iye sakuchidziwa, kenaka kuona mapulogalamu amene anaikidwa pa deti la tsiku limenelo. Ya Acrobat imene muli nayoyo si yoopsa, koma simukuifunikira kuti muwerenge PDF.

Mwale:

Ine ndikulemba kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndikufuna kutsutsako pang'ono, osati pa mfundo zimene a Phiri apereka, koma pa liwiro limene akuti tithamange nalo. N'zosavuta kunena kuti chinthu chinafa, koma ntchito zimene zinamangidwa pamwamba pake sizifa tsiku lomwelo. Chitsanzo chili konkuno. Flash itatsekedwa mu Januwale 2021, bungwe lotolera misonkho la dziko lino, SARS, linali lisanamalize kusamutsa ena mwa mafomu ake a pa intaneti kupita ku HTML5, ndipo njira imene linapeza inali yotulutsa browser yakeyake, ya pa Windows, imene Flash inkagwirabe ntchito mkati mwake. Nkhaniyi inalembedwa kwambiri m'manyuzipepala ndipo akatswiri anaidzudzula, koma anthu anafunikabe kupereka mafomuwo pa nthawi yake. Ngati bungwe lalikulu chotero linapezeka chosakonzeka patapita zaka zitatu ndi theka chichenjezedwereni, sukulu ya Mayi Nabanda tisaiweruze mwankhanza.

Ngakhale Microsoft inazindikira zimenezi. Browser yake yakale, Internet Explorer 11, inapumitsidwa pa 15 Juni 2022, koma mkati mwa Edge, browser yake yatsopano, anasiyamo njira yotsegulira masamba akale mwa kachitidwe ka Internet Explorer, ndipo analonjeza kuisamalira mpaka 2029 kapena kupitirira. Kumene ndimagwira ntchito kuli makina ojambula a makamera achitetezo amene tsamba lake silitseguka popanda ActiveX, ndipo mwini malo sangagule ena chifukwa choti browser yasintha, pamene makamerawo akuonabe bwino. Timawatsegula kudzera mu njira ya mu Edge imeneyo, pa kompyuta imodzi yokha, ndipo zikuyenda.

Mantha anga ndi akuti mawu akuti chotsani angamveke ngati akuti fufutani. Ndaonapo munthu akuyeretsa seva, kompyuta yosungira tsamba, n'kutaya mafayilo onse amene sankatseguka, poganiza kuti ndi owonongeka, chikhalirecho anali abwinobwino ndipo chosowa chinali chotsegulira chokha. Mayi Nabanda, musanakhudze chilichonse kopererani gawo lonselo pa diski ina, ndipo diskiyo muisunge m'kabati.

Nachisale:

Ndikugwirizana ndi a Mwale pa zosunga mafayilo, ndipo ndili ndi chenjezo lina pa mawu akuti PDF imatseguka kwa aliyense. Ambiri amatero, koma alipo mtundu wina umene umakana. Chaka chatha ndinkathandiza mwana wa achemwali anga kudzaza fomu ya ofesi ina ya boma la kunja. Titadina pa linki, browser inatsegula pepala loyera lokhala ndi ndime imodzi yoyamba ndi mawu akuti "Please wait", yonena kuti ngati uthengawo susintha ndiye kuti chowerengera chathu sichingaonetse chikalata cha mtundu umenewo. Ife tinachitadi monga mawuwo akunenera, tinadikira, tikumaganiza kuti netiweki ndiyo ikuchedwa. Tinazimitsa foni imene tinkatengera intaneti, n'kuyatsanso, n'kusamukira pakhonde pamene netiweki imagwira bwino, koma pepala linali lomwelo mpaka kunja kunada.

M'mawa mwake ndi pamene mnzanga wina anandiuza kuti fomuyo inali itafika kale yonse, ndipo pepala loyeralo linali chikuto chabe. Mafomu oterewa anakonzedwa ndi luso lotchedwa XFA, limene limachititsa kuti mizere iwonjezeke kapena kubisika malinga ndi mayankho a munthu, ndipo chowerengera PDF cha mu Chrome ndi Edge sichiwamasulira. Chofunika ndi kudina linkiyo ndi batani la kumanja la mbewa, kusunga fayiloyo m'kompyuta, kutsegula Acrobat Reader (dzina la masiku ano la Adobe Reader) payokha, n'kutsegulira fayiloyo m'menemo. Titatero fomu yonse inaonekera, masamba ake onse ndi timabokosi take.

Ndiye ngati pa tsamba la sukuluyo pali mafomu oti ophunzira azidzaza pa kompyuta, ndi bwino muwayese kaye limodzilimodzi musanachotse dzina la Adobe Reader. Mwina dzina limenelo lokha likhoza kutsala, koma ndi malangizo olondola, onena kuti fayiloyo isungidwe kaye.

Phiri:

Mayi Nachisale akunena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ndinafulumira. Ndingowonjezera kuti XFA inasiyidwa kunja pamene muyezo wa PDF 2.0 unatuluka mu 2017, choncho si mtundu woti munthu ayambe kuugwiritsa ntchito lero, ngakhale kuti Firefox inayamba kutsegula ena mwa mafomu otere mu 2021. Komanso onani kuti njira imene inawathandizayo siidalira plug-in ayi: fayilo yatuluka mu browser n'kukatsegulidwa kwina. Pa za a Mwale, kukopera zonse kaye n'koyenera ndipo sinditsutsa. Koma kompyuta imodzi ya mu ofesi, yoyang'aniridwa ndi munthu wodziwa, n'njosiyana ndi tsamba lotsegulidwa ndi ophunzira mazana ali kwawo.

Nabanda:

Ndathokoza nonse. Ndachita monga a Mwale ananenera, ndakopera zonse pa diski, ndipo chidziwitso chija ndachibisa kaye. Nditayang'ana mayina a mafayilo ndapeza kuti ambiri ndi a .pdf ndi .doc, ndipo palibe PDF imene yandionetsa uthenga wodikiritsa uja. Otsalawo ndi mavidiyo angapo a .mov ndi .flv oonetsa aphunzitsi akuphunzitsa m'kalasi, mafayilo 14 a .swf, mtundu wa Flash, amene ndi maphunziro a sayansi aja, ndi mafayilo 6 a .rm, mtundu wa RealPlayer. A .rm amenewa ndi amene andikhudza kwambiri, chifukwa malinga ndi mayina ake muli nthano ndi nyimbo za ana zimene ophunzira a zaka za m'mbuyomo anakajambula kumidzi, ndipo pasukulu pano palibe amene akukumbukira kuti anazimvapo.

Mnzanga wina wa mu ofesi atamva za mtsikana uja anati safunsa anadya phula. Ine ndinamuyankha kuti mwanayo anafunsa, ndipo amene anamuyankha ndi tsamba lathu lomwe. Laputopu yake tayikonza dzulo, ndipo munalidi ma extension awiri achilendo monga a Phiri anaganizira. Tsopano ndiuzeni chochita ndi mafayilo a magulu atatu otsalawa.

Phiri:

Mavidiyo ndi nthanozo ndi mbali yosavuta. Pulogalamu yaulere ya VLC imatsegula .mov, .flv ndi .rm popanda kuwonjezera chilichonse, choncho nthano zija mukhoza kuzimvetsera madzulo ano. Kuti ophunzira azione pa tsamba, mavidiyo muwasandutse MP4 ndipo mawu muwasandutse MP3, popeza mitundu iwiri imeneyi browser iliyonse ya pa foni ndi ya pa kompyuta imaisewera yokha. Pulogalamu ya HandBrake imagwira bwino ntchito yosandutsa mavidiyo, ndipo VLC yomweyo ili ndi gawo losandutsira mawu. Mapulogalamu onsewa muwatenge pa masamba a eni ake, osati pa masamba osonkhanitsa mapulogalamu. Dziwani kuti kusandutsa sikukonza zimene zinatayika kale. Mafayilo a .rm ankapanikizidwa kwambiri kuti adutse pa intaneti ya pa waya wa telefoni, choncho mawu akhoza kumveka ngati munthu akulankhulira m'chitini, ndipo MP3 idzamveka chimodzimodzi. Ngati makaseti amene anajambulirapo poyamba akadalipo, amenewo ndiwo chuma chenicheni.

A .swf ndi nkhani ina, chifukwa si mavidiyo koma timapulogalamu. Wophunzira amadina, amakoka chinthu, amayankha funso, ndipo phunziro limasintha malinga ndi zimene wachita. Mukawasandutsa vidiyo, zonsezo zitayika. Njira imene ndingalimbikitse ndi Ruffle, pulogalamu yaulere imene anthu odzipereka analemba kuti izitsanzira Flash mkati mwa mpanda wa browser. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mwini tsamba ndiye amaiika pa seva yake n'kuwonjezera mzere umodzi pa tsambalo, ndipo wophunzira saika chilichonse, ngakhale pa foni. Internet Archive, nkhokwe yosunga zakale za pa intaneti, inayamba kuigwiritsa ntchito mu Novembala 2020 posunga masewera ndi zithunzi zoyenda za Flash. Koma si mafayilo onse amene amayenda bwino. Mafayilo a Flash amalembedwa m'chilankhulo chotchedwa ActionScript, ndipo amene analembedwa ndi ActionScript yoyamba ndi yachiwiri kawirikawiri savuta, pamene a ActionScript 3, imene inabwera mu 2006, ena amayenda ena amatsimphina. Pa tsamba la Ruffle pali malo oyeserapo fayilo musanaike kalikonse, ndiye yesani onse 14 mmodzimmodzi, ndipo musangoona chiyambi chokha, dinani mabatani onse mpaka kumapeto.

Gondwe:

Popeza tsambalo mukulikonzanso, ndikupempha kuti muganizire za amene adzalitsegule. Ophunzira ambiri amene ndimawadziwa alibe laputopu, ali ndi foni ndi bandulo yowerengera. Pa foni nkhani ya plug-in inatha kale kwambiri kuposa pa kompyuta, popeza iPhone sinalolepo Flash chiyambire, Steve Jobs, amene anali mkulu wa Apple nthawi imeneyo, analemba poyera mu Epulo 2010 zifukwa zake zoikanira, ndipo Adobe inasiya kukonza Flash ya m'mafoni mu Novembala 2011. Zimenezi zikutanthauza kuti wophunzira wa foni maphunziro a sayansiwo sanawaonepo kwa zaka zoposa khumi, ndipo sanadandaule chifukwa sankadziwa kuti pamalopo payenera kukhala kanthu.

Pempho langa loyamba ndi lakuti pambali pa linki iliyonse mulembe mtundu wa fayilo ndi kukula kwake, kuti munthu asankhe yekha asanadine. Vidiyo isamayambe yokha tsamba likangotseguka. Ndipo chikalata chachifupi, monga ndondomeko ya mayeso, chilembedwe pa tsamba penipenipo m'malo mokhala fayilo, chifukwa PDF ya pepala la A4 pa sikirini ya foni imafuna kukulitsa ndi zala n'kumakokera uku ndi uku mzere uliwonse. Zikalata zojambulidwa ndi sikana n'zovutanso kwa ophunzira osaona, popeza pulogalamu yowawerengera imangopeza chithunzi chopanda mawu.

Lachiwiri likukhudza phunziro langa. Mukamasandutsa mafayilo a .doc kukhala PDF, yang'anitsitsani chilembo cha ŵ. M'zikalata zina zakale olemba ankagwiritsa ntchito mtundu wapadera wa zilembo umene unali m'kompyuta yawo yokha, kapena ankachita kusanjikiza kachizindikiro pamwamba pa w, ndipo fayilo ikatsegulidwa kwina pamatuluka kabokosi kapena chilembo chachilendo. Ndinaonapo pepala la galamala limene mawu akuti Malaŵi ndi kuŵala anali ndi timabokosi ponseponse, pomwe phunziro lake linali la chilembo chomwecho. Konzani kaye mu Word kapena mu LibreOffice, kenaka musandutse, chifukwa PDF imanyamula zilembo zake mkati ndipo chimene mwatsekeramo, chabwino kapena cholakwika, chidzaoneka chomwecho kwa aliyense.

Mwale:

A Gondwe anena zofunika kwambiri, makamaka za kukula kwa fayilo. Ndibwerere pa ma .swf amene angakane Ruffle. Kodi cholakwika n'chiyani kusunga kompyuta imodzi yakale m'laibulale, yosalumikizidwa ku intaneti, yokhala ndi Flash yakale, kuti mphunzitsi wa sayansi aziwaonetsera ophunzira? Ngati waya palibe, wakuba alowera pati? Ine ndikuona kuti n'kwabwino kusiyana ndi kusiya phunziro labwino kuti lingogona pa diski.

Phiri:

Achimwene a Mwale, ngati kompyuta yoteroyo ilipo kale, Flash yake ndi yakale yosakhala ndi loko ya pa 12 Januwale 2021, ndipo sidzalumikizidwanso, sindikana. Chimene ndikukana ndi kupita kukasaka Flash lero kuti tiike, chifukwa Adobe inachotsa malo otengerapo, ndipo dzina la Flash lakhala nyambo kwa nthawi yaitali. Mu Okutobala 2017 vairasi yotseka mafayilo n'kumafuna dipo, yotchedwa Bad Rabbit, inafala makamaka ku Russia ndi Ukraine podzionetsa ngati Flash yatsopano, ndipo anthu ankaiika okha ndi manja awo.

Funso lanu lakuti wakuba alowera pati ndiliyankha ndi nkhani ya a Gondwe ija: alowera pa fulashi. M'laibulale ya sukulu, kompyuta imene ili poyera ophunzira adzabayapo mafulashi awo tsiku lililonse, ndipo kompyuta yosalumikizidwa silandira zokonza za chitetezo, moti imasanduka nkhokwe yogawira mavairasi kwa aliyense wobwera. Ngati mutsate njira imeneyo, ikhale m'chipinda chokhoma. Koma ndikadakhala ine, phunziro lokana Ruffle ndikadalitsegula kamodzi pa kompyuta yoteroyo, mphunzitsi n'kulidutsa lonse akufotokoza, n'kujambula sikirini kukhala MP4. Kudina kutayika, koma zimene phunzirolo limaphunzitsa zifika pa foni ya aliyense.

Nachisale:

Pali mbali ina imene sitinaikhudze. Mayi Nabanda, kodi maphunziro a .swf amenewo anawakonza ndi a pasukulu panu, kapena anachokera pa CD ya kampani kapena bungwe lina? Ndikufunsa chifukwa kuwadzutsa n'kuwaika poyera, kapena kuwajambula kukhala vidiyo, ndi kufalitsanso ntchito ya mwini wake. Kawirikawiri dzina la wokonza limaoneka poyambira kapena pomalizira. Nthano zijanso zili ndi eni ake, amene mwina anavomera kujambulidwa kuti zithandize m'kalasi, osati kuti dziko lonse lizimva.

Nabanda:

Ndabweranso patapita masiku anayi ndi zimene ndapeza. Mwa mafayilo 14 aja, 9 akuyenda bwino mu Ruffle kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndawayesa pa foni yanga komanso pa kompyuta ziwiri. Atatu akutseguka koma batani lopitira ku funso lachiwiri silikuyankha, ndipo awiri akungoonetsa sikirini yakuda. Limene landisangalatsa ndi la kayendedwe ka magazi m'thupi: mtima ukugunda pakati pa sikirini, ndipo ukadina pa mtsempha dzina lake limatuluka. Mphunzitsi wa sayansi ataliona anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati iye analiphunzira ali wophunzira pasukulu pomwe pano ndipo ankaganiza kuti linatayika.

Funso la Mayi Nachisale landiimitsa pang'ono. Maphunziro asanu ndi awiri ali ndi mayina a aphunzitsi a pasukulu pano kumapeto kwake, choncho amenewo akuluakulu avomera kuti abwerere pa tsamba. Enawo ali ndi chizindikiro cha bungwe lina lakunja, ndipo ndawasiya pa diski mpaka titalemba kalata yofunsa. Mavidiyo onse ndawasandutsa MP4, ndipo pa linki iliyonse ndalemba kukula kwake monga a Gondwe anapemphera. Pa mafayilo a .doc ndapezadi timabokosi m'malo mwa ŵ m'zikalata zinayi za Chichewa, ndipo ndikuzikonza pamanja. Pamene panali mndandanda uja tsopano pali chiganizo chimodzi chonena kuti zonse za pa tsambali zimatseguka popanda kuika pulogalamu ina iliyonse, ndipo aliyense amene angaone uthenga womuuza kuti aike kanthu asadine, koma adziwitse a laibulale.

Nthano zija ndazimvetsera zonse mu VLC. Mawu akumvekadi ngati a m'chitini monga a Phiri ananenera, koma akumveka. Mu ina muli agogo aakazi akusimba za kalulu, ana akuvomera kuti tili tonse, ndipo chapatali tambala akulira. Sindinaziike pa tsamba. Mlonda wathu, amene wakhala pano nthawi yaitali kuposa tonsefe, akuti m'chipinda chosungira katundu muli katoni ya makaseti imene inachotsedwa m'laibulale pamene ankapaka penti, ndipo kiyi wa chipindacho ali ndi a bursar amene abwera Lolemba. A Phiri, ngati makasetiwo apezeka, ndidzafunika chingwe cha mtundu wanji cholumikizira wailesi ya kaseti ku kompyuta?